Venice asanamizire ukalamba wa milatho yake

Mzinda wa Venice, kumpoto chakum'mawa kwa Italy, unamangidwa pa tizilumba 118, ndipo misewu yake yambiri ndi ngalande zamadzi. Galimoto zimathera pa Piazzale Roma. Kuchoka apo munthu amayenda pansi kapena kukwera boti, ndipo akasankha kuyenda pansi sapita patali asanakumane ndi mlatho. Milathoyo ndi yoposa 400, pafupifupi yonse ya masitepe, chifukwa anaimanga yokwera pakati kuti mabwato azidutsa pansi. Mlendo wa pa njinga ya olumala akafika pa sitepe yoyamba ulendo waima, pokhapokha apezeke anthu omunyamula.

Yankho lomwe limafulumira kutuluka ndi lakuti mzindawu ndi wakalekale, uli pa mndandanda wa malo otetezedwa wa UNESCO kuyambira 1987, choncho sungaphwanyidwe pofuna kukonza njira. Tikuvomereza kuti mlatho wa Rialto, umene unatha kumangidwa mu 1591, si woti munthu angaugumule mbali kuti athirepo simenti. Koma ife tikuona kuti ukalamba wa mzindawu wasenzetsedwa mlandu umene si wake wonse. Manyazi aakulu a Venice pankhaniyi ali pa mlatho watsopano.

Mu 2008 anatsegula Ponte della Costituzione, mlatho wachinayi wodutsa ngalande yaikulu ya Canal Grande, wolumikiza Piazzale Roma ndi dera la siteshoni ya sitima ya Santa Lucia. Anaujambula ndi katswiri wotchuka wa ku Spain, Santiago Calatrava. Apa panalibe mwala wakale woti autetezere. Anayamba ndi pepala loyera, komabe mlathowo unatuluka wa masitepe okhaokha, ambiri a iwo agalasi. Anthu aulumali atadandaula, khonsolo inamangirira m'mbali mwa mlathowo kachikepe kooneka ngati dzira, koti kazinyamula munthu ndi njinga yake kuwolotsa. Kanadya ndalama pafupifupi mayuro 2 miliyoni, kanayamba kugwira ntchito mu 2013, kankayenda pang'onopang'ono, kankatentha mkati nthawi yadzuwa, ndipo kankangofafa. Mu 2020 anakachotsa. Galasi lija nalo linakhala loterera kukagwa mvula kapena kukachita nkhungu, moti anthu a miyendo yabwinobwino ankagwa n'kuvulala, mpaka khonsolo inagamula zoikapo miyala m'malo mwake. Mu 2019 khoti loona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma linalamula Calatrava kulipira mayuro pafupifupi 78,000 kaamba ka kusasamala pa ntchitoyo.

Amisiri akale, amene sankadziwa n'komwe za malamulo a masiku ano, ankaika mzere wa mwala woyera wa ku Istria m'mphepete mwa sitepe iliyonse, moti munthu wa maso ofooka amaona pamene sitepe yathera. Pa galasi la 2008 diso limasokonezeka.

Zimene zathandiza anthu kwenikweni ndi zinthu zopanda ulemerero. Choyamba ndi maboti onyamula anthu, otchedwa vaporetto, amene amaima pa madoko oyandama, kotero kuti njinga imalowa mosavuta, nthawi zina wogwira ntchito m'botimo atayala kathabwa. Wa pa njinga amalipira mtengo wotsika kwambiri ndipo womuperekeza salipira. Chifukwa cha mabotiwa khonsolo imati pafupifupi 70 peresenti ya mzinda wakalewo ndi yofikirika. Chiwerengerochi tichimve mosamala. Kufika pa doko la chilumba si kufika pakhomo la hotela, ndipo nyumba zambiri zakale zili ndi sitepe pakhomo, yothawa madzi osefukira, komanso zilibe chikepe. Mu 2016 anatsegula doko pa Piazzale Roma lokweza munthu ndi njinga yake m'bwato la gondola, ndipo anayambitsa zimenezi ndi opalasa mabwatowo eni ake.

Chachiwiri ndi njira zotsetsereka zimene amayala pamwamba pa masitepe. Mbiri yake ndi yoseketsa komanso yomvetsa chisoni. Mwezi wa Okutobala chaka chilichonse kumakhala mpikisano wothamanga wa Venice Marathon, ndipo kuti othamanga asapunthwe, okonza mpikisanowo amayala njirazi pa milatho ya m'mbali mwa nyanja, ku Zattere ndi ku Riva degli Schiavoni. Mpikisano ukatha ankazisiya kwa miyezi ingapo, anthu aulumali n'kupezerapo mwayi. Ndiye kuti zimene zinkaoneka zosatheka kuchitira munthu wosayenda zinatheka msanga pofuna kuthandiza anthu othamanga makilomita 42. Otsutsa amati njirazi zimaipitsa maonekedwe a mzinda. N'zoona kuti zina si zokongola, koma mankhwala a chinthu chosakongola ndi kuchijambula bwino, monga anachitira pa milatho ina imene mbali yake anaiikira masitepe aafupi, otambalala, oti njinga ikwere wina akukankha.

Si alendo okha amene amapindula. Anthu okhala mu mzinda wakalewu anachepa kufika pansi pa 50,000 mu 2022, ndipo ambiri mwa iwo ndi okalamba. Pali amayi okankha ana, pali anyamata okoka ngolo za katundu wa m'masitolo, amene tsiku lonse amagunditsa mateyala pa sitepe iliyonse. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Amene lero akudandaula za maonekedwe a mlatho adzaufuna womwewo mawondo akadzayamba kukana.

Italy inavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, chaka chomwecho chimene Malawi inavomereza, ndipo panganoli limatchula mwachindunji malo okopa alendo. Choncho iyi si nkhani ya chifundo ayi. Kuyambira Epulo 2024 Venice imalipiritsa alendo obwera tsiku limodzi pa masiku ena otanganidwa, ndipo anthu aulumali salipira. Zili bwino, koma kumukhululukira munthu ndalama za pachipata pamene sangathe kudutsa mlatho woyamba n'kumupatsa zochepa kwambiri.

Tikupempha khonsolo ya mzindawu kuti pamene njira zotsetsereka zikadali zoika n'kuchotsa, izikhazikitse chaka chonse, ndipo gawo la ndalama za pachipatazo lipite ku ntchito imeneyi. Pa chomanga chilichonse chatsopano, anthu oyenda pa njinga ndi osaona aziona mapulani ntchito isanayambe, ndipo akakana, pulaniyo ibwerere kwa woijambula ngakhale atakhala wotchuka chotani.