ZA MAGALIMOTO: Lole ya Nkhondo ndi Manati Ace Ofiira



Sabata ino ndiyankha kalata ya mbale wathu wina amene agwira nchito pansi ku Rustenburg. Iye ali ndi malo ace ku Cowdray Park kuno ku Bulawayo, ndipo nchito ikatha afuna kugula lole yakale ya asilikari kuti azitutira anthu mcenga, njerwa ndi madzi. Amtumizira cithunzi ca Bedford yopakidwa utoto watsopano. Magudumu awiri ndi obwereka, ndipo mwini wace alumbira kuti giyabokosi ndi yace yeniyeni imene inabwera nayo. Tsono afunsa: nditumize ndalama kodi?

Maganizo a nchitoyo ndi abwino ndithu. Amene aidziwa Cowdray Park adziwanso dera la Hlalani Kuhle, kumene nyumba zinayamba kumangidwa mu 2005 miseu ndi mipope isanafike. Dzinja likagwa, lole yokoka ndi miyendo yonse inai ipita pamene zinzace zititimira. Koma ndalama musatumize msanga, mbale wanga. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Poyamba mudziwe cifukwa cace malole a kuno ali osakaniza. Pa nkhondo yaikuru yaciwiri, pamene agogo athu a K.A.R. anali ku Abyssinia mu 1941 ndi ku Burma pambuyo pace, asilikari anayenda pa Chevrolet ndi Ford za ku Canada, pa GMC ya ku America, ndi pa Bedford QL imene inapangidwa kuyambira 1941 kufikira 1945. Mu 1953, caka comwe Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinayamba, kunaturuka Bedford RL, ya injini ya petulo ya masilinda 6 ndi magiya 4. Ndiyo imene ambiri timaichula kuti lole ya asilikari. Koma mu 1965 Ian Smith atadzilamulira yekha, Britain anatseka malonda, zitsulo za Bedford zinasowa, ndipo amakaniko anaphunzira kuika ciri conse cimene cingalowe. Ankhondo anatenganso Unimog ya Mercedes, Nissan ndi Isuzu. A Bedford eni ace analeka kupanga malole mu 1987. Ine ndinaonapo ina ya nkhope ya Bedford, injini ya dizilo ya Perkins, ndi giyabokosi ya ku Japan. Inali kuyenda bwino, inde, koma tsiku lakuti dzino limodzi lathyoka, mukafuna citsulo ca dzina liti?

Tsono za magudumu, pakuti pamenepa ndi pamene pali imfa.

Malole ambiri a nkhondo a ku Britain ali ndi rimu ya mbali ziwiri, ngati mbale ziwiri zobvundikirana, kuti msilikari akhoze kusintha tayala ku chire popanda makina. Cifukwa cace mukayang'ana gudumu muona mizere iwiri ya manati. Mzere wa m'kati ndiwo ugwira gudumu ku galimoto. Mzere wa kunja ugwira mbali ziwiri za rimu, ndipo asilikari anaupaka utoto wofiira dala, kuti munthu aope. Mukamasula manati a kunjawo mpweya uli m'tayala, rimu ipatukana ndi mphamvu yoti nkucotsa mutu wa munthu. Inu a pansi mudziwa cimene paipi ya mpweya icita ikaphulika pa nchito. Apa ndi cimodzimodzi, koma nkhope yanu iri pomwepo.

Taonaninso cithunzi cija. Wopaka utoto anapaka lole yonse mtundu umodzi, manati omwe. Kufiira kuja kwabisika. Mnyamata wokonza matayala pa mseu wa ku Luveve anazolowera makombi; adzagwira sipanala ndi kuyamba ndi nati imene iri pafupi. Cinthu coyamba mukagula lole yotere, gulani kacitini ka utoto wofiira. Ndipo lamulo langa ndi ili: gudumu liri lonse lakale, cotsani kamtima ka vavu, mpweya uthe wonse, ndipo pokhapo gwirani sipanala. Popopa, gudumu likhale m'khola la zitsulo kapena lomangidwa ndi cheni, inu muime pambali, ana apite kutali. Marimu ena ali ndi mkombero wokhoma m'malo mwa manati. Mkombero wopindika kapena wa dzimbiri utayeni, musauongole ndi hamala.

Caciwiri ndi mazinga. Pa malole ambiri akale a ku Britain ndi ku America, manati a magudumu a kumanzere amasuka mobwerera, ndiko kuti mukapotoza monga mwa masiku onse muli kumanga. Kawirikawiri pa mutu wa bawuti pali cilembo ca L. Amuna amphamvu athyola mabawuti ambiri poika paipi yaitali ku sipanala ndi kulumphirapo atatu, osadziwa kuti ali kulimbitsa. Ndipo pa lole yosakaniza, wina angakhale anasinthanitsa mbali. Palani dzimbiri, muwerenge cilembo pa gudumu liri lonse.

Magudumu obwereka aja ndiwo andidetsa nkhawa. Gudumu kulowa sindiko kukwana. Werengani maboo, yesani kutalikirana kwace ndi kukula kwa boo la pakati. Onaninso pokhala nati: manati akale ali ndi mapewa osongoka amene akhala m'boo lofukulika, pamene a malole a masiku ano ali ndi wacala wafulati. Mukasakaniza, nati igwira pang'ono pokha, maboo akula, ndipo gudumu lidzakupitirirani pa mseu muli ndi mcenga wodzaza. Mazinga a Bedford ndi a mainchi, a Mercedes ndi a mamilimita. Nati yolowa mokakamiza si yace. RL ibvala matayala a 11.00-20 a chubu, ndipo tayala la 22.5 la malole atsopano silikhala pa rimu imeneyo. Matayala onse anai akhale a msinkhu umodzi, cifukwa mukalowetsa miyendo yonse, lalikuru ndi laling'ono zikokana, ndipo cimene cibvutika ndi magiya. Pa cifukwa comweco, pa tara yendani ndi miyendo ya m'mbuyo yokha. Pomanga manati muzidumpha, iyi ndi inzace ya kutsidya, ndipo mutayenda pang'ono muime muwabwereze.

Za giyabokosi, mau a wogulitsa musawawerengere. Citsulo cinena cokha. Lole yokoka miyendo yonse iri ndi mabokosi awiri: giyabokosi imene iri kumbuyo kwa injini, ndi bokosi laciwiri limene ligawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Lowani pansi ndi palafini ndi burashi ya waya. Funani kacitsulo kokhomedwa pambali kapena manambala oumbidwa pa thupi la bokosi, muwalembe onse. M'kati mwa kebu mumakhala kambale kosonyeza malo a magiya. Ngati kambale kanena 4 koma ndodo ipeza 5, bokosilo ndi lacilendo. Onaninso zogwirizira: maboo oboola ndi moto, zitsulo zoocerera ndi shafiti yodulidwa nkulumikizanso ndi mboni zosanama.

Ngati giyabokosi iri pansi, monga muipeza kwa ogulitsa zitsulo ku Kelvin kapena ku Belmont, tengani coko. Lembani mzere pa shafiti ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, lowetsani giya yoyamba, ndi kuzunguza ndi dzanja. Pa lole ya katundu ya kutsogolo izungulira ka 6 kapena ka 7 kuti ya kumbuyo izungulire kamodzi. Pa giya yomariza ya Bedford ya magiya 4 zonse ziwiri ziyendera pamodzi. Pa GMC, imene iri ndi magiya 5, ya kumbuyo ithamanga kuposa ya kutsogolo pa giya yacisanu. Werengani mano a shafiti yolowa m'kalachi, pakuti akasiyana ndi dzino limodzi lokha mwataya ndalama. Amene afuna kuika bodi yodzikhuthula yokha aone ngati pambali pali kacitseko ka mabawuti koikapo pampu.

GMC iri ndi msampha wace wina. Inaturuka ndi madifu a mitundu iwiri, ena a thupi logawika pakati, ena obulungira ngati banjo, ndipo bokosi laciwiri ndi mashafiti a mtundu uwu sizilowa pa mtundu uwo. Dzina ndi limodzi, zitsulo ndi ziwiri.

Musaiwale kukhetsa mafuta m'beseni loyera. Tizitsulo tosalala ngati ufa ndi ukalamba cabe. Zidutswa zonga mphale ndi mano othyoka, ndipo mafuta oyera ngati mkaka ndiye kuti munalowa madzi. Mafuta atsopano kwambiri m'bokosi lakale nawonso ndiwakayika.

Tsono mbale wa ku Rustenburg, citani motere. Tumani m'bale wanu ndi makaniko wacikulire, wa imvi, amene anagwirapo Bedford, osati wobwera ndi wogulitsa. Akutumizireni cithunzi ca manambala a giyabokosi, ca bokosi laciwiri, ndi ca gudumu liri lonse pafupi. Aone buku la galimoto ngati nambala ya chesisi igwirizana ndi imene iri pa citsulo. Aiyendetse itasenza katundu, atsike nayo pa mtsetse atacotsa phazi pa mafuta, aone ngati giya idumpha. Kufikira zimenezi zitacitika, ndalama zikhale ku banki. Mukabwera pa chuthi mudzaione ndi maso anu. Lole imene yadikira kuyambira masiku a Citaganya siingalephere kudikira kufikira December.

Sabata ya mawa tidzakamba za mabuleki a malole omwewa.