Kodi Mpingo Ndi Bungwe Loika Maliro?

Lero ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masabata angapo, ndipo ndikupemphani kuti muiwerenge modekha mpaka kumapeto, pakuti ikukhudza inu ndi ine yemwe.

Mwezi wathawu, kutangocha, pakhomo panga panafika mayi wina wa mumlaga wathu pamodzi ndi mwana wake wamwamuna. Anandiuza kuti malume ake a mnyamatayo atisiya usiku umenewo. Tisanamalize n'komwe kupepesana, mnyamata uja anapisa m'thumba natulutsa khadi la mpingo lothimbirira ndi ndalama zopindapinda. Anati, "Bambo, tikudziwa kuti malume anasiya kalekale kupereka. Mutiwerengere zonse zotsalira tilipire lero lomwe, kuti amayi a Mvano adzaimbe ndipo abusa adzalalike." Nditayang'ana khadilo, ndinaona kuti papita zaka zambiri chililembere komaliza. Mwini wake anali asanapondenso pa tchalitchi nthawi yonseyo.

Sindikulemba izi kuti ndinyoze anamfedwa aja. Anali pachisoni, ndiponso tonse tikudziwa manyazi amene amagwira banja pamudzi pamene mbale wawo waikidwa m'manda popanda nyimbo. Koma pempho lawo linaulula maganizo amene ali m'mitima ya ambiri a ife. Timauona mpingo ngati kampani ya inshuwalansi: uzipereka kangachepe mwezi ndi mwezi, dzina lako lisafufutidwe m'kaundula, tsiku lako likadzafika adzakuperekeze ndi ulemu. Alipo amene amasunga khadi lawo mosamala kuposa Baibulo lawo, ndipo chowachititsa mantha chachikulu n'chakuti kwaya ingadzalephere kubwera pa maliro awo.

Tiyeni tione chimene Malembo amanena. Liwu limene timamasulira kuti mpingo, m'Chigiriki ndi eklesia, ndipo limatanthauza msonkhano wa anthu oitanidwa. Woitanidwa amayenera kumva, kudzuka ndi kuyankha, ndipo zimenezi amachita ndi munthu wamoyo. Kumapeto kwa Uthenga Wabwino wa Mateyu, Ambuye anasiyira ophunzira awo ntchito yopita kwa mitundu yonse, kuwasandutsa ophunzira, kuwabatiza ndi kuwaphunzitsa kusunga malamulo ake. Pa Machitidwe 2 timaona mpingo woyamba wa ku Yerusalemu ukulimbikira chiphunzitso cha atumwi, chiyanjano, kunyema mkate ndi mapemphero, ndipo amene anali ndi chuma ankagawana ndi osowa. Pa Aefeso 4 mtumwi Paulo akufotokoza kuti abusa ndi aphunzitsi anaperekedwa kuti akonzekeretse okhulupirira ku ntchito ya utumiki, kuti thupi la Khristu likule. Mpingo tsono ulipo kuti upembedze Mulungu, ulalike Khristu, ulere okhulupirira kufikira atakhwima, ndi kuwatuma kukatumikira anzawo. Zonsezi zimachitika munthu akadapuma.

Taganizirani za wachifwamba uja amene anapachikidwa pambali pa Ambuye pa Luka 23. Analibe khadi, sanalowe kalasi, ndipo palibe kwaya imene inamuimbira, komabe anamva lonjezo la Paradaiso kuchokera pakamwa pa Yesu mwini. Muonenso fanizo la mwini chuma ndi Lazaro pa Luka 16. Malembo amatchula kuti mwini chumayo anaikidwa m'manda, pamene za kuikidwa kwa Lazaro sanenapo kanthu. Koma amene anapita ku mpumulo ndi Lazaro. Kuchuluka kwa nkhata pamanda sikusintha kumene munthu wapita.

Makolo athu m'chikhulupiriro anaiona bwino nkhani imeneyi. Chivomerezo cha mpingo wa ku Scotland cha m'chaka cha 1560 chinatchula zizindikiro zitatu za mpingo woona: kulalika Mawu a Mulungu moona, kupereka masakramenti moyenera, ndi kusunga mwambo wa chilango molungama. Mtembo sungamve ulaliki, sungadye Mgonero, ndipo sungadzudzulidwe n'kulapa. N'chifukwa chake ife a Chipresbiteriyani timaphunzitsa kuti ulaliki wa pa maliro ndi wa otsala. Nyimbo zathu zimatonthoza olira ndi kuchenjeza amoyo, koma sizitsegulira womwalira khomo limene iye analikana ali moyo.

Mbiri ya mpingo wathu kuno kwathu ikuchitira umboni zomwezi. Amishoni anafika ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876, ndi ku Mvera mu 1889. A ku Cape Maclear anadikira mpaka 1881 kuti abatize mkhristu wawo woyamba, Albert Namalambe, chifukwa ankafuna munthu wotembenuka mtima ndithu. Kumene ankakhazikika ankatsegula sukulu ndi zipatala, ankatsutsa malonda a akapolo, ndipo anagwira ntchito yomasulira Malembo kufikira Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Pamene a Livingstonia ndi a Blantyre anagwirizana kupanga CCAP mu 1924, ndipo a Nkhoma n'kudzalowa mu 1926, anali atalera kale aphunzitsi, alaliki ndi abusa akuda. Khama lonselo linali lofuna kuti munthu awerenge yekha Mawu a Mulungu, amudziwe Khristu, ndipo moyo wake usinthike panyumba, kumunda ndi kumsika.

Mwina wina afunsa kuti, kodi kuika maliro si ntchito ya mpingo? Ndi ntchito yake ndithu. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo pa Machitidwe 8 timawerenga kuti anthu opembedza anaika Stefano namulira kwambiri. Ine ndimavula chipewa kwa amayi a Mvano amene amachezera usiku wonse pasiwa, m'nyengo yozizira, akuimba ndi kutonthoza anamfedwa. Koma amachita zimenezi chifukwa ndife thupi limodzi, ndipo chiwalo chimodzi chikamva kuwawa zonse zimamva nacho. Chikondi chotere ndi chipatso cha chiyanjano cha zaka zambiri. Munthu akachiika pamtengo n'kufuna kuchigula tsiku limodzi, wachichotsera tanthauzo lake. Mtima womwewo ndi umene uli mwa iye amene amaukumbukira mpingo pofuna kudalitsa ukwati kapena pofuna kalata ya umboni yokafunsira ntchito, ndiponso mwa wandale amene amabwera ndi matumba a simenti chisankho chikayandikira. Onsewa amabwera kudzatenga kanthu, osafuna kumva zimene Mwini mpingo akufuna kwa iwo.

Tsopano ndifike pamene pakundipweteka. Anamfedwa aja sanadziphunzitse okha maganizo amenewa. Anawaphunzira kwa ife atsogoleri. Kangati tagogoda pamakomo a akhristu titanyamula pepala la zopereka, la masika, la chitukuko cha tchalitchi, osafunsa n'komwe za moyo wawo wauzimu? Kangati taima kutsogolo n'kuopseza kuti amene sapereka sitidzapita pa maliro ake? Ngati chikwapu chathu chili maliro, tisadabwe anthu akamatiyesa bungwe la maliro. Titakhala pasiwa paja ndinamva kuti bamboyo anaikidwa pachilango kalekale, ndipo chichokereni palibe mkulu wa mpingo amene anamulondola. Anadwala miyezi ingapo, nyumba yake ili mumlaga wanga, koma ine ndinalowamo koyamba tsiku limene anali atagona m'bokosi. Pa Agalatiya 6 timalangizidwa kubweza wolakwa ndi mtima wofatsa, pakuti cholinga cha chilango n'chakuti mbale abwerere. Ife tinamudula n'kumuiwala. Ndalama zija sitinalandire. Tinawauza kuti zithandize pa zofunika za pamaliro, ndipo tinapita kukalira nawo, kupemphera nawo ndi kuwawerengera Mawu. Koma pobwerera kunyumba ndinadziwa kuti ndachedwa ndi zaka zambiri.

Choncho ndikupemphani zinthu ziwiri. Inu akulu a mpingo anzanga, atumiki, amayi a Mvano ndi achinyamata, sabata ino ganizirani munthu mmodzi amene dzina lake lili m'kaundula koma nkhope yake inasowa pakati pathu. Pitani kwa iye opanda pepala lililonse m'manja. Khalani pansi, mumufunse za moyo wake, mumve chimene chinamuchotsa, ndipo mupemphere naye. Ndipo inu amene munatalikira, kaya munakhumudwa, kaya munagwa, kaya munangozizira, musadikire kuti adzakunyamuleni pamapewa polowa m'tchalitchi. Bwerani ndi miyendo yanu makutu anu akadamva. Nyimbo zimene mukufuna kuti tidzakuimbireni, bwerani tidzaimbire limodzi Lamulungu likubwerali.

Ambuye akudalitseni pamene mukusinkhasinkha mawu awa. Amen.