Chenjezo kwa Eni Maboti a Faiba: Chigamba Cholakwika Chimiza Anthu

Eni maboti, asodzi ndi alovi a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, tcherani khutu! Boti la faiba likang'aluka, musalole munthu kulimata ndi mankhwala amene simukuwadziwa. Chigamba chimatha kuuma gwa, n'kuoneka chosalala, pomwe pansi pake sichinagwire. Chimadzamatuka mwera utakupezani pakati pa nyanja, mtunda uli kutali.

Dziwani kuti rezini, mankhwala omatira boti, ilipo ya mitundu yosiyana. Maboti ambiri a faiba amapangidwa ndi polyester. Epoxy imagwira bwino pa polyester youma, koma polyester sigwira bwino pa epoxy. Ngati pamalo pong'alukapo panamatidwa kale ndi epoxy, musathirepo polyester. Matani ndi epoxy yomweyo, apo ayi palani yakaleyo ichoke yonse.

Yang'anitsitsaninso nsalu ya faiba. Ija ya ulusi waufupi womwazikana imakhala ndi kaguluu kamene kamasungunuka mu polyester. Mu epoxy kaguluu kameneka sikasungunuka bwino, ndiye nsaluyo simwa mankhwala mokwanira. Epoxy imafuna nsalu yolukidwa. Mukaona timadontho toyera m'chigamba, dziwani kuti mwatsalira mpweya ndipo madzi adzalowera pomwepo. Chibwezeni!

Musathire mankhwala oumitsa mongoyerekeza ndi maso. Pa kilogalamu imodzi ya polyester pamafunika mamililita 10 mpaka 20 a choumitsa chotchedwa MEKP basi. Mukawonjeza, makamaka kunja kukutentha, rezini imatentha kwambiri, imachita ming'alu, nthawi zina imafuka utsi m'chitini. Epoxy nayo ili ndi muyezo wake wolembedwa pa chitini. Kuwonjeza choumitsa sikufulumizitsa ntchito, kumangofooketsa chigamba.

Samalani maso anu! Kadontho kamodzi ka MEKP kakhoza kukuchititsani khungu. Valani magalasi ndi magolovesi, gwirani ntchitoyi popita mphepo, kutali ndi moto ndi fodya. Musasunge MEKP m'botolo la zakumwa pamene ana angaifikire.

Musamate boti lonyowa chifukwa chothamangira usipa. Likokereni kumtunda liume. Palani utoto mpaka faiba ioneke, ndipo m'mbali mwa bowo musemepo motsetsereka: ngati khoma la boti ndi lochindikala mamilimita 5, motsetserekamo mufike masentimita 6 kuzungulira bowo lonse. Pukutani ndi acetone, osati petulo kapena palafini. Phala lomatira magalimoto limamwa madzi, choncho lisakhudze pansi pa boti lanu.

Musanapereke ndalama kwa mmisiri, mufunseni: "Bambo, rezini iyi ndi ya mtundu wanji? Nanga nsaluyi ikugwirizana nayo?" Onani chitinicho ndi maso anu. Ya m'botolo lopanda dzina, kapena imene yayamba kale kulimba, ikaneni ngakhale itatchipa chotani.

Abale anga, boti limenelo limanyamula ana a eni ake. Mwera usanayambe mu Meyi, litembenuzeni, gogodani chigamba chilichonse, ndipo chimene chikulira ngati m'kati mwake mulibe kanthu chichotseni lero lomwe.