DZINA LIKALOWA M'BUKU LA BOMA

Abale ndi alongo a m'nthambi zonse, tamva kuti apolisi akalemba dzina la mnzathu, ena a ife amayamba kulambalala pakhomo pake ngati pagwa nthomba. Khalidwe limeneli tikulikana.

Akuluakulu athu akudziwa kuwawa kwa kulembedwa. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Armitage analengeza lamulo la Emejensi, ndipo apolisi anagogoda m'makomo kusanache, mayina ali m'manja. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa ku Kanjedza ndi kwina popanda kuzengedwa mlandu. Malire sanapulumutse munthu. Abale athu a Congress ogwira ntchito ku Southern Rhodesia anagwidwa komweko. Dr. Banda anali ataletsedwa kuponda dzikolo, koma atamangidwa, ndege inakawatula komweko, nakhala m'ndende ya Gwelo miyezi 13. Mlendo woletsedwa analandiridwa atasanduka mkaidi!

Ndipo tisabise mawu: titadzilamulira, bukulo silinatenthedwe. Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa anathawa dziko, koma anagwidwa mu 1981 cha kumalire a Zambia, ndipo bamboyo anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. M'zaka zimenezo wachibale wa munthu wotchedwa chigawenga ankachotsedwa ntchito, nasowa womupatsa moni.

Tsono lamulo likuti bwanji lero? Malamulo aakulu a dziko a 1994, pa gawo 42, akuti womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chinenero chimene amamva, aonekere kubwalo la milandu pasanathe maola 48, ndipo ndi wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa. Kulembedwa si chigamulo ayi. Koma wolembedwa asathamangire ku Mozambique kapena ku Zambia. Maboma amapatsana mayina, ndipo wothawa belo amadzionjezera mlandu, nasiya amene anamuyimira pa belo m'madzi.

Chotilasa mtima kwambiri ndi cha pakhomo. Mwamuna akatengedwa, munda sudikira. Mkazi amapalira yekha, ana amasiya sukulu, ndipo anzake a pachitsime amatsitsa mawu iye akafika. Kodi nthambi ili ndi ntchito yanji ngati siioneka tsiku limenelo?

Chotero mlembi wa nthambi alembe tsiku ndi ola limene mnzathu watengedwa, ndi polisi kumene wapita. Anthu awiri akamuone m'mawa mwake. Maola 48 akadutsa, wapampando akafunse mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo. Otsala tonse titenge makasu Loweruka, tikalime munda wake.

Kwacha!