Makwinya si mlandu

Tinene mosapsatira. Amayi athu a ku Nkhunga, amene akalambira padzuwa akuyanika usipa pathandala kuti ife tiphunzire, lero akuuzidwa kuti nkhope zawo n'zochititsa manyazi. Ati dziphodeni, dzolani mafuta oyeretsa. Bodza lenileni! Phaudala wochuluka akakumana ndi thukuta la kunyanja amaundana m'makwinya, nkhope n'kuoneka ngati chipupa chong'aluka. Mafuta okhala ndi hydroquinone ndiye oopsa zedi, pakuti amasiya zigamba zakuda zosachoka. Dziko la South Africa lidaletsa mankhwalawa m'zodzoladzola mu 1990, koma m'misika yathu akupezekabe. Wofuna kudziphoda adziphode, ndi ufulu wake. Woyenera kuyankha mlandu ndi wogulitsa poizoniyu, osati mayi wamakwinya.