Nkhuku Zigulitsidwe Zisanakhwime

Alimi anzanga a mtauni, ine ndikuti mlimi wa nkhuku amene amayamba kufuna ogula nkhuku zitakhwima kale wachedwa. Ku Nkolokosa, Zingwangwa ndi Chitawira mabanja ambiri ali ndi khola kuseri kwa nyumba. Kuweta amakutha bwino. Chowagwetsa ndi msika.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Nkhuku za nyama zimakhwima pa masabata 6. Zikafika pamenepo, nkhuku 100 zimatha thumba la chakudya la makilogalamu 50 m'masiku atatu kapena anayi. Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba limenelo si lamasewera. Tsiku lililonse limene nkhuku yokhwima igona m'khola, ikudya phindu lanu. Venda amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amabwera sabata lachisanu ndi chiwiri n'kutchula mtengo wake, inu n'kungovomera.

Mankhwala ake ali m'thumba mwanu momwemo. Foni imene mumatumizira mauthenga a maliro ndi a zinkhoswe ndi msika. Koma ambiri akuigwiritsa ntchito molakwika. Amakhala chete masabata asanu, kenaka n'kudzaza magulu a WhatsApp ndi mawu akuti "nkhuku zilipo". Wogula sakukudziwani, akhulupirire bwanji?

Yambani tsiku limene anapiye afika. Ajambuleni, ikani pa status, lembani tsiku limene adzakhwime. Mukapereka katemera wa chitopa ndi gumboro, onetsani. Sabata lachinayi ikani nkhuku pa sikelo, anthu aone kulemera kwake, ndipo mtengo muulembe poyera. Zoti "bwerani ku inbox" zimathawitsa ogula. Pakatipo phunzitsani anthu kanthu kaulere: kudziwa nkhuku yodwala pamsika, kapena kuwoletsa zitosi zisanathiridwe pa mpiru. Munthu amene waphunzira kwa inu amakumbukira khomo lanu, ndipo manyowa omwewo adzagula. Lembani m'kabuku mayina a amene aitanitsa. Cholinga n'chakuti theka la khola likhale ndi eni ake sabata lachisanu lisanathe.

Ena adzati bandulo ndi yodula ndipo si onse ali ndi foni za intaneti. Ndi zoona. Chikwangwani cha pageti musachichotse, ndipo kutchalitchi, kumzikiti ndi kubanki m'khonde muzinenabe pakamwa. Koma yerekezani mtengo wa bandulo ya WhatsApp ndi thumba limodzi la chakudya, muone chodula n'chiti.

Machenjezo awiri. Musatenge zithunzi za nkhuku za eni pa Facebook n'kumati n'zanu. Nkolokosa ndi wamng'ono. Mayi mmodzi akalandira nkhuku yowonda, mzere wonse wa nyumba udziwa dzuwa lisanalowe. Chachiwiri, Airtel Money ndi Mpamba zafewetsa malipiro, komanso akuba amatumiza mauthenga abodza ooneka ngati ndalama zalowa. Musatulutse nkhuku musanaone nokha ndalama mu akaunti yanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kale mlimi ankadikira ADMARC, kenaka anayamba kudikira venda. Woweta nkhuku mtauni alibe chifukwa chodikira aliyense, popeza odya nkhukuzo amakhala nyumba zoyandikana naye. Musanaitanitse anapiye ena, lembani kaye mayina a anthu 30 amene mudzawagulitse. Ngati mayinawo sakukwana, chepetsani anapiye.