Magazi anu sakupita ku Home Office, pitani kusikani ya chiwindi

Uthenga umene ukuzungulira m'magulu athu a WhatsApp, woti magazi amene amatitenga ku A&E amakathera ku Home Office, ndi wabodza. Chonde lekani kuutumiza. Ena asiya kale kupita kukiliniki ya chiwindi chifukwa cha mphekesera imeneyi, ndipo zikutiwawa.

Kuyambira 2022, zipatala zambiri za ku England, kuphatikizapo za ku London ndi Manchester, zimayeza HIV, hepatitis B ndi C kwa aliyense wotengedwa magazi ku A&E, pokhapokha mwiniwake atakana. Chimene NHS imauza Home Office ndi ngongole ya £500 kapena kuposerapo imene yatha miyezi iwiri osabwezedwa, osati matenda anu. Kuyeza ndi kuchiza hepatitis ku England ndi kwaulere, kaya mapepala alipo kaya palibe. Enanu mukulipira £1,035 pachaka ya IHS, ndiye muzithawanso chipatala chomwecho? Ayi ndithu!

Khansa ya chiwindi, imene hepatitis B ndi C ingayambitse, siigogoda pakhomo. Maso akayamba chikasu, mimba n'kutupa, thupi n'kuonda, kawirikawiri imakhala itafala kale. N'chifukwa chake adokotala akakuikani pandandanda, mumajambulidwa ndi ultrasound miyezi 6 iliyonse, nthawi zambiri pamodzi ndi kuyeza magazi a AFP. Chotupa chikapezeka chaching'ono amatha kuchidula kapena kuchiwotcha.

Palibe chamanyazi apa. Ambiri tinatenga hepatitis B pobadwa kapena tili ana, ndipo kwathu katemera wake anafika kusikelo mu 2002. Kuwonjezera apo, tinakula tikudya mtedza ndi chimanga chimene nthawi zina chimagwidwa chuku chowononga chiwindi. Ndiye khansayi imatipeza tikadali achinyamata.

Amene mukumwa tenofovir kapena entecavir, mankhwalawo amachepetsa chiopsezo cha khansa koma sachichotseratu. Amene munachira hepatitis C koma chiwindi chili ndi zipsera, sikani ipitirire. Tsiku la sikani likagundana ndi shifiti, imbani nambala ya pakalata yochokera kuchipatala musinthe, chifukwa kujomba kungachititse kuti akubwezereni kwa GP mukayambirenso mzere. Mowa lekani, ndipo zitsamba zimene abale amatumiza kuchokera kumudzi musamwe adokotala asanadziwe. Akunyumba kwanu ndi ana akayezetse, amene alibe kachilombo abayitse katemera.

Simunayezetsepo? Pemphani kwa GP wanu sabata ino.